Bere Lakumanzere

Nkhaniyi sindinaitole pamsewu. Anandiuza ndi mlamu wa mwini nkhani, mayi wosadziwa nthabwala, amene akanafuna kunama bwenzi atasankha bodza lopepukirako.

Azimayi a pashopu ina yosokera zovala anagwirizana kuti Loweruka lina akapitidwe mphepo kutauni yakale, kumene kuli mabwinja a nyumba zamiyala zomwe eni ake anatha kalekale. Pagulupo panali mayi wachitsikana amene anzake ankamutcha Mabatani, poti ntchito yake inali yosokerera mabatani. Mlamu wake uja, wogwiranso ntchito pashopupo, anali nawo paulendowo. Mabatani anatenga khanda lake, kamtsikana kokana mkaka wa m'botolo kwamtuwagalu.

Pashopupo mwana analibe mwini. Ankayenda m'manja, uyu wabereka, uyo wanyamula, ndipo akalira wina ankangomutula pamiyendo pa mayi ake. Mabatani ankapereka bere osayang'ana n'komwe, maso ali pasingano. Chizolowezi chimenechi ndicho chinamupweteka.

Atafika, bambo wolondolera alendo anawayendetsa m'makoma opanda denga, akufotokoza za nkhondo zakale, azimayi ali kalikiliki kujambulana. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mabatani nsapato zatsopano zinamuluma, ndiye anatsalira. Analowa m'kachipinda kotsikira pansi, kamene denga lake linali lisanagwe, n'kukhala pamwala atafulatira khomo. Munali mozizira, mukununkha dothi lonyowa ndi phulusa lakale. Anavula nsapato, n'kutulutsa foni.

Kumbuyo kwake kunamveka kulira kwa mwana, kotopa, kosasa mawu.

"Mlandireni," anatero mayi wina chapansipansi. "Walira nthawi yaitali."

Manja anadutsa paphewa pake. Mabatani analandira, n'kufunditsa nsalu, n'kupereka bere lakumanzere, maso ali pafoni.

"Zikomo alamu."

Ankayesa kuti ndi mlamu wake.

Mwanayo anayamwa. Anakoka mpaka msana kuwawa. Pakamwa pake panali pozizira, koma Mabatani anaganiza kuti ndi chipindacho. Panja mbalame zinali zitasiya kulira. Atakhuta, manja aja anabweranso n'kumutenga.

Mabatani anavala nsapato n'kutuluka. Anzake anakawapeza kutali, kuseri kwa khoma lalikulu, akudya kamba wawo. Mlamu wake anali pakati pawo, mwana ali kumsana, tulo tofa nato.

"Alamu, kodi mwauluka? Mwafika nthawi yanji kuno?"

"Kuchokera kuti?"

"Si mwangomutenga kumene mwanayu pamiyendo panga?"

Mlamuyo anasiya kutafuna. "Mwanayu sanachoke kumsana kwanga chitsikireni m'basi. Afunseni awa."

Onse anavomereza. Mabatani anagwira pachifuwa. Bere lakumanja linali lodzaza, lolimba gwa. Lakumanzere linali litafota ngati thumba lopanda kanthu. Mantha anamugwira.

Anathamangira kukachipinda kuja onse. Khomo linali limodzi. Pafumbi panali mapazi a munthu mmodzi, a Mabatani yekha. Wolondolera uja anaima patali, chipewa chili m'manja.

"Lero alendo ndinu nokha," anatero. "Munakhalamo pansi m'menemo?"

"Nanga bwanji, bambo?"

"Basi yanu ikudikira, amayi."

Kunyumba mwana anakana bere lakumanzere. Akangolinunkhiza ankatembenuza nkhope, n'kulira ngati wapsa. Mabatani anadzilimbitsa mtima kuti lakumanja likwanira. Koma bere lokanidwa limatupa, aliyense amene analerapo akudziwa. Ili silinatupe. Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu, iye ali pampando wake pashopu, ankamva kakamwa kozizira kaja kakugwira. Kenako kukoka. Mlamu wake, amene ankasita zovala moyang'anizana naye, akulumbira kuti anaona bulauzi ikukwera ndi kutsika yokha, misozi ya mwini wake ikugwera pamabatani.

Mwana wake anayamba kupepuka. Namwino wa kusikelo anapima mayi, anapima mwana, sanapeze nthenda. Anangokalipa kuti mwanayo sakukhuta, ndipo akapitirira kutsika chonchi amugoneka m'chipatala. Mabatani anatuluka ali wosweka mtima, poti akanayambira pati kumufotokozera namwino kuti akuyamwitsa awiri?

"Timuletse kuyamwa winayo," anatero mlamu wake monong'ona. "Kaya ndi wa ndani, mwana ndi mwana. Tipake tsabola."

M'mawa mwake anapaka bere lakumanzere mpaka khungu kuyaka. Makina onse anali chete tsiku limenelo. Azimayi ankangonamizira kusoka, maso ali pa Mabatani. Mwana anali atagona pamulu wa nsalu pakona.

Dzuwa linafika pamutu.

M'shopu munalowa fungo la dothi lonyowa.

Kakamwa kaja kanagwira, n'kusiya msanga. Kunamveka kulira kosasa, pafupi, pamiyendo pake penipeni, pamene panalibe kanthu. Onse anakumva. Kenako zii.

Mabatani anapuma. "Wapita," anatero.

Mawuwo asanathe anakuwa, n'kugwa pampando. Mlamu wake anang'amba bulauzi, mabatani ali mbwee pansi. Bere lakumanzere linali bwinobwino. Lakumanja ndilo linkatuluka magazi, pali mabala a timano tating'ono, m'mwamba ndi m'munsi. Mlamuyo anathamangira pakona, n'kupisa chala m'kamwa mwa mwana. Munali nkhama zokhazokha.

Mwana anadzuka ndi njala. Mabatani anapukuta magazi, n'kumuika kubere lakumanja, lokhalo limene linamutsalira.

Mwana analinunkhiza, n'kutembenuza nkhope.