Wilo ya Telala Inagona ku Bala

M'nyumba ya telala munali mtendere. Makina ankalira pakhonde kuyambira m'mawa, mayi akusita zovala za makasitomala, ana akukula osasowa kanthu. Tsiku lina telalayo anaitana mwana wake wachisamba n'kumupatsa emvulopu yomata.

"Iyi ndi wilo yanga, kalata yogawa chuma changa ndikadzamwalira, yeniyeni yosainidwa. Ukaisiye kwa loya, akaisunge. Amayi ako akudziwa kuti ikakhala kumeneko. Usapatuke."

"Musadandaule, bambo."

Panjira anakumana ndi mnzake wakusukulu.

"Ofesi ya loya ili ndi miyendo kodi, aise? Tiye, kabotolo kamodzi kokha."

Kamodziko kanabala anzake. Kutacha, mnyamatayo sanakumbuke komwe anasiya chikwama chomwe munali emvulopu ija. Bambo ake atamufunsa, anayankha akuyang'ana pansi kuti, "Ndapereka."

"Mowawu udzakugwetsa chagada," mayi ake ankamuchenjeza. Iye ankangoseka.

Patapita nthawi, telala anamwalira mwadzidzidzi. Misozi isanaume, mng'ono wa malemuyo anatulukira ndi galimoto yonyamulira katundu.

"Alamu, nyumbayi ndi makinawa ndi za kwathu. Ngati pali wilo, ionetseni."

Mayi anatulutsa fotokope ya wiloyo.

"Izi aliyense akhoza kupanga," anatero mlamuyo.

Mayi ndi mwana wawo uja atapita kwa loya, anauzidwa kuti kumeneko sikunafike kanthu. Mayi anangomuyang'ana mwana wawo. Iye anagwada muofesi momwemo n'kuulula zonse.

Anayenda paliponse pomwe ankamwera, mpaka anafika ku bala ya tsiku lija. Mayi wogulitsa mowa anakwera pakreti n'kutsitsa chikwama pamwamba pa filiji.

"Ndinaona dzina la bambo ako pa emvulopuyi. Ndiwo anandisokera diresi laukwati. Zamkatimu sindizidziwa. Ndinkafuna ndikupatse uli bwinobwino, koma sunabwerepo usanaledzere."

Mnyamatayo analandira ndi manja awiri.

Loya anatsegula emvulopu abale onse alipo. Nyumba ndi makina zinali za mayi ndi ana. Galimoto ya mlamu inabwerera yopanda kanthu.

"Mulungu watichitira chifundo kudzera mwa munthu yemwe sindinkamupatsa ngakhale moni," anatero mayi. Mawa lake anapita okha kukamuthokoza, ndipo mwana wawo anakhala pa makina a bambo ake, mowa atausiya.

Achinyamata, chimene mwatumidwa kachifikitseni tsiku lomwelo, ndipo mukalakwa ululani makolo akadali moyo. Si chikwama chilichonse chotayika chimene chimagwera m'manja mwa munthu wachifundo.