Zimene Ketevan Anamva Kukhitchini

Chikepe chinaima mwadzidzidzi pakati pa nsanja yachiwiri ndi yachitatu, Ketevan ali mkati ndi ngolo ya matawulo. Anakanikiza batani lofiira, ndipo pakhoma panamveka mawu othamanga ngati mvula ya matalala. Anatolapo liwu limodzi lokha: "Dikirani."

Kudikira anali atakuzolowera. Ketevan anali mayi wochokera ku Georgia, ndipo ankasamalira okalamba m'nyumba ina mumzinda wa Saint-Étienne. Chifikireni ku Falansa, moyo wake unali wa pamzere, kupempha chilolezo chokhalira m'dzikomo mobwerezabwereza.

Zitseko zitatseguka, mwamuna wovala ovolosi, wokonza zikepe, anasuzumira kuchokera pamwamba.

"Muli moyo, mayi?"

"Ndili... ndili wabwino. Zikomo."

"Zoti ndinu wabwino ndaona kale," anatero mwamunayo akumwetulira. "Ndikufunsa ngati muli bwino."

Ketevan anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Koma mwamunayo sanamuseke. Anatambasula dzanja n'kumukoka, kenako anabwereza mawu aja pang'onopang'ono mpaka onse awiri anaseka. Dzina lake anali Aurélien.

Anayamba ndi khofi wa pa nthawi yopuma. Pa khofi wachitatu anasiya kuitanana "inu".

"N'chifukwa chiyani umayenda ndi mabuku ngati mwana wa sukulu?" anafunsa Aurélien.

"Mayeso," anayankha Ketevan, akusankha mawu limodzilimodzi. "Ndikufuna unzika. Amafuna Chifalansa cha mlingo wa B2. Changa n'cha kumsika ndi cha kusambitsa agogo. Iwo akufuna munthu womva wailesi, wotha kutsutsa, wolemba maganizo ake."

"Ndiye wapeza mphunzitsi waulere. Malipiro anga ndi kumwetulirako basi."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse foni ya Ketevan inkalira: "Wadzuka bwanji, kambalame kanga? Liwu la lero ndi 'kusowa'. Chitsanzo: ndakusowa."

Tsiku lina unali wakuti: "Liwu la lero ndi 'tsogolo'. Chitsanzo: ndiwe."

Ndani akanapirira? Ketevan ankawerenga mauthengawo mubasi, n'kumawanong'oneza ngati pemphero. Kwa zaka zambiri Chifalansa chinali chinenero chomukalipira m'maofesi ndi chomulamula kuntchito. Tsopano chinayamba kumusisita mtima!

Lamlungu lina akuyenda m'paki, Ketevan analimba mtima.

"Aurélien, unakhalapo pabanja?"

"Ndinakhalapo. Dzina lake Solène. Ali ku Toulouse. Zinatha, mtima wanga, usadzitopetse nazo." Anamugwira masaya ndi manja onse awiri. "Tamvera. Tsiku lokalandira unzika ndidzakhala pampando wakutsogolo nditavala tayi, ine amene sindivala tayi ngakhale pamaliro. Tikadzatuluka ndidzakuveka mphete. Ndalonjeza."

Ketevan anakafotokozera Zehra, mnzake wa m'kalasi ya Chifalansa ya Loweruka m'mawa. Zehra anali mayi wa ku Turkey, wosoka zovala, wa pakamwa posatseka.

"Zinatha, zinatha," anatero Zehra akupukusa mutu. "Zinathera kukhoti kapena pakamwa pake?"

"Iwe, sungakondwere nane ngakhale kamodzi?"

"Ndikukondwera, mchemwali. Koma ine ndine telala. Munthu akandiuza kuti wachepa thupi, ndimamuyezabe."

"Nsanje!"

"Nsanje ya wokonza zikepe? Mwamuna wanga amakonza mimba yake yokha, koma mapepala ake ndinawaona."

Mphunzitsi wawo, Mayi Perrin, anali ndi lamulo limodzi. "Siyani kupempha anthu kuti alankhule pang'onopang'ono. Pamayeso palibe amene adzakudikireni. Mverani wailesi, mverani anthu akukangana mubasi. Khutu limatseguka lilime lisanamasuke."

Ketevan anamvera. Ankasita zovala wailesi ili pambali. Ankatchera khutu anamwino akamajeda mabwana. Kwa miyezi yambiri zonse zinali phokoso chabe. Kenako tsiku lina mubasi, atsikana awiri kumbuyo kwake ankanena mnyamata wina, ndipo Ketevan anangozindikira waseka nawo. Anali atamva zonse, ndi nthabwala yomwe!

Sanamuuze Aurélien. Lilime lake linali likadali lolemera, ndiponso ankakonda mmene Aurélien ankamulankhulira, modekha, liwu lililonse payekha ngati akumupatsa mphatso. Akanatayiranji zimenezo?

Mayeso atayandikira, Aurélien anamutengera kwa mayi ake kukadya chamasana Lamlungu. Ketevan anaphika buledi wa tchizi wa kwawo, navala diresi yobiriwira imene Zehra anamusokera.

Mayi Josiane anamulandira ndi mawu okweza, ngati akulankhula ndi wogontha. "Ta-ku-la-ndi-ra-ni! Mu-ma-dya nkhu-ku?"

"Ndimadya, mayi. Zikomo kwambiri."

"Aa, akuyesetsa kamwanaka," anatero akutembenukira kwa mwana wawo.

Anadya nkhuku yootcha ndi mbatata zophikira mkaka. Atamaliza, Aurélien anatsatira mayi ake kukhitchini. Ketevan anaona kuti si ulemu kungokhala, choncho anasonkhanitsa mbale n'kuwatsatira. Atafika pakhomo anamva mawu a Mayi Josiane, tsopano akuthamanga mwachibadwa.

"Solène waimba dzulo. Ntchito ya ku Toulouse yatha, akubwera Loweruka pa sitima. Akuti munagwirizana zoyesanso. Ndiye uyu wandibweretsera kuti nditani naye? Solène ndi mkazi wako, Aurélien, ukwati sunathe!"

"Amayi, osati pano."

Mayi Josiane anacheuka n'kumuona Ketevan ataima ndi mbale. Sanatsitse ngakhale mawu. "Usaope, tikamathamanga chonchi samva."

"Ndikudziwa kuti samva," anayankha Aurélien, nayenso mothamanga. "Ndimuuza akatha mayeso. Sindikufuna kumusokoneza. Ndiponso ine mwini sindikudziwa chimene ndikufuna."

Kenako mayi aja anamwetulira. "I-ka-ni pa-me-ne-po, mwa-na-nga."

Ketevan anaika mbale zija bwinobwino, imodzi pamwamba pa inzake. Ngakhale supuni sinagwe. Anabwerera patebulo, anadya keke ya maapozi, anayamikira ophika. Mumtima mwake munali chinthu chachilendo: mawu onse aja anali atawamva bwino lomwe, kuposa phunziro lililonse la Mayi Perrin. Kodi n'zimene anavutikira miyezi yonseyi?

Ali pamalo okwerera basi, Aurélien anamukoleka dzanja paphewa.

"Amayi akukonda, kambalame kanga. Wa-chi-ta bwi-no."

"Sitima ya Solène ifika nthawi yanji Loweruka?"

Dzanja lija linatsika lokha.

"Unamva?"

"Ndinamva."

"Zonse?"

"Zonse. Kuti ukwati sunathe. Kuti munagwirizana zoyesanso. Ndiponso kuti ine sindimva."

"Keti, tamvera. Tinapatukanadi. Chaka chonse sitinkalankhulana. Nditakumana nawe ndinkakhulupirira kuti zatha. Iye ndi amene anayamba kuimbanso foni."

"Liti?"

Aurélien anayang'ana pansi. "Nyengo ya Khirisimasi."

"Za mphete unandilonjeza Khirisimasi itadutsa."

"Ndinkanena zoona! Ndimakukonda, Keti. Ndikakhala nawe mtima umakhala m'malo. Sundifunsa mafunso ambirimbiri, sundipanikiza ngati..."

"Mafunso ndinali nawo," anamudula Ketevan. Mawu ake ankatuluka molongosoka. "Mawu ofunsira ndi amene ndinalibe. Iwe unkaona ngati ndine wofatsa. Kwathu amandidziwa kuti ndine wolongolola, Aurélien. Ndimakangana ndi azakhali anga mpaka tiyi kuzizira. Munthu ameneyo sunakumanepo naye."

"Ndiye ndilole ndikumane naye."

Basi inafika. Ketevan anakwera yekha.

Mauthenga anayamba kugwa ngati masamba. "Mtima wanga, ndiyankhe." "Ndalakwa, koma chikondi changa sichinali chabodza." "Ndipatse nthawi, ndikonza zonse."

Ketevan sanayankhe. Anatenga mabuku ake n'kupita kwa Zehra, koma atafika anangokhala pakati pa nsalu, misozi ili chuchuchu.

"Nena," anatero. "Nena kuti unandichenjeza."

"Ndinene kuti ndipindulenji?" Zehra anamupatsa tiyi m'kagalasi. "Imwa."

"Mayesowa sindilemba. Ndikatsegula buku ndikumva mawu ake. Liwu lililonse lokoma la chinenerochi anandiphunzitsa ndi iye. Ndikhaliranji nzika ya dziko limene anthu amakunena uli pomwepo?"

Zehra anaimitsa makina osokera.

"Kodi pamene unkayamba kalasi ija, Aurélien analipo?"

"Ayi."

"Pamene unkaima pamzere kunja kukuzizira, analipo? Agogo ako aja amene amakana kudya ukakhala kuti uli pa holide, ndi a Aurélien? Chifalansa si katundu wa mayi ake, mchemwali. Wachigula ndi tulo tako. Mwamuna wakubera chaka, ukufuna umuwonjezere ndi dziko lomwe?"

Ketevan anapukuta m'maso. Kenako anakoka buku lija.

"Ndifunse mafunso."

"Ndikufunsa mothamanga, ndipo sindibwereza."

Mayeso anali Lachisanu m'mawa. Ketevan atafika pageti la sukulu, anapeza Aurélien ataima pamenepo ndi maluwa oyera, ndevu zosameta, maso ofiira. Mtima wa Ketevan unadumpha. Unali usanamve kuti zinthu zasintha.

"Ndangobwera kudzakufunira mafuno abwino," anatero Aurélien. Ulendo uno analankhula mwachibadwa, osadula mawu. "Keti, sindikugona. Ndidikire pang'ono chabe. Ndiyenera kulankhula naye maso ndi maso, ndione mmene..."

"Ndili ndi funso limodzi. Undiyankhe mwachidule."

"Funsa."

"Mawa akatsika sitima, ukamuuza za ine?"

Aurélien anayang'ana maluwa, anayang'ana msewu.

"Osati mawa lomwelo. Akhala atatopa ndi ulendo, ndiye..."

Ketevan anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Chodabwitsa n'chakuti sanapse mtima. Anangomva chisoni, cha iye mwini, cha mwamunayu, ngakhalenso cha Solène amene nthawi imeneyo ankalongedza katundu wake ali ndi chiyembekezo.

"Ndiye kuti tilipo awiri osamva," anatero. "Maluwawo mukamupatse iyeyo. Tsalani bwino, bambo."

"Keti! Mpaka 'bambo'?"

Sanacheuke. Akanacheuka akanabwerera, ndipo ankadziwa zimenezo.

Mayeso omvetsera ndi olemba anadutsa ngati maloto. Kenako anamuitana m'chipinda chaching'ono cha mayeso olankhula. Munali mayi wa tsitsi la imvi, magalasi ali pamphuno.

"Khalani pansi. Tiyambe ndi zosavuta. Tandiuzani za inuyo."

Ketevan anakhala pampando.

"Dzina langa ndine Ketevan. Ndinabadwira ku Kutaisi. Ndimasamalira okalamba."

"Mumakhala ndi ndani kuno?"

Funso wamba, lofunsidwa kwa aliyense. Komabe misozi inalengeza. Mayi uja anavula magalasi.

"Mukufuna tipume pang'ono? Kapena ndibwereze funso pang'onopang'ono?"

"Ayi, mayi, ndamva," anayankha Ketevan. Anapukuta tsaya ndi kuseri kwa dzanja, nakhala tsonga. "Ndimakhala ndekha. Koma musaone misoziyi, ndili ndi zambiri zoti ndinene. Mundiimitse nokha nthawi ikatha."

Mayi uja anavalanso magalasi, natenga cholembera.

"Ndikumvetsera."