Dzina la Pensulo

Pa tsiku lobadwa la apongozi ake, mayi Gerda a mumzinda wa Zwolle, Marloes anapatsidwa mpando wapakona, kutali ndi chitseko. Mipando inaikidwa mozungulira monga mwa nthawi zonse, maondo kugundana, aliyense ndi khofi wake ndi kachidutswa kamodzi ka keke. Kwa munthu amene chikhodzodzo chamuwotcha zaka zitatu, pamenepo ndi m'ndende. Mkodzo ukamugwira sunkadikira, ndipo kuti atuluke, anthu asanu ndi awiri ankayenera kupinda miyendo.

"Kachisanu tsopano," anatero mayi Gerda mokweza, atamuona akudzukanso. "Kodi chimbudzi changa chikukusangalatsani kuposa abale?"

"Ndikudwala, amayi."

"Matenda anji osapezeka? Ndinakuuzani ine, mumakhala pa miyala yozizira ndi timasiketi tanuto."

"Ayeza mkodzo kambirimbiri, mulibe tizilombo. Adokotala akuti mwina khoma la chikhodzodzo ndi lotupa, mwina minofu ya m'chiuno yakungika, mwinanso ndi za m'chiberekero. Khofi mumandikakamizayu amangowonjezera moto."

"M'chiberekero? Oo, n'chifukwa chake mdzukulu sitikumuona."

Marloes anayang'ana mwamuna wake. "Wouter, munali nane kuchipatala. Nenani kanthu, chonde."

Wouter ankapala keke m'mbale ngati muli golide. "Usatichititse manyazi, Marloes. Ungopirira mpaka alendo apite."

Marloes anadutsa maondo onse aja osapepesa, namenyetsa chitseko cha chimbudzi. Anakhala pansi n'kulira, ululu ukumubaya m'munsi mwa mimba. Kutsogolo kwake kunali kalendala ya masiku obadwa imene banja lililonse m'dzikolo limapachika m'chimbudzi. Palibe amene ankaidziwa kuposa iye. Mayina onse anali a inki, ngakhale la galu amene anafa kalekale. Lake lokha, pa mwezi wa Malichi, linali la pensulo. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati wakhala akudikira kuti wina atenge cholembera cha inki.

Ananyowetsa chala pampopi, napukuta dzinalo. Silinavute n'komwe.

Atatuluka anatenga jasi ndi kiyi wa njinga. Wouter anamupeza pakhomo.

"Ukupita kuti? Supu sanabwere."

"Kwa mkulu wanga. Kumeneko sawerenga maulendo anga a kuchimbudzi."

"Ndiye ndiwauze chiyani amayi?"

"Auzeni akaone kalendala. Ndawachepetsera ntchito."

Wouter anaima pamenepo, foloko ili m'manja. M'nyumbamo munamveka mipando ikukokedwa. Anali akutseka kale mpata umene Marloes anasiya.