Msitu Wotsala Unali wa Kumanda

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Ellen, amene ndinakumana nawo ku Chinamwali mu 2019, nthawi imene ndinkayendera odwala m'makomo ndi kupemphera nawo. Iwo sankadwala m'thupi. Anandiitana chifukwa panali patapita zaka zitatu akulephera kufika kumapeto kwa pemphero lililonse. Ndikulemba monga anandifotokozera. Pomwe iwo sanadziwe, inenso sindikudziwa.

Mudzi wa kwawo uli m'tsinde mwa phiri la Zomba, kumtunda kwa Chinamwali. Kale kunali mitengo yokhayokha, koma makala ndi nkhuni zinaimaliza. Kuchokera pa nyumba zomaliza mpaka m'munsi mwa nkhalango ya boma, munthu amaoneka poyera ngati ntchentche pambale. Msitu umodzi wokha ndi umene unatsala, wa kumanda, chifukwa palibe amene amalowako ndi nkhwangwa.

Madzulo ena a mwezi wa Juni, a Ellen ankaanula zovala pachingwe, chiperoni chikutsika phiri. Anamva fungo ngati la tsitsi lopsa. Anayang'ana pamoto, panalibe chimene chinkapserera. Kenako kuchokera kumanda kunamveka likhweru lalitali, kamodzi kokha, ndipo agalu onse a m'mudzimo anakhala chete. M'mawa mwake a Hopewell, kalipentala wamphamvu amene ankanyamula chitseko yekha, anapezeka atafa atakhala pabenchi yawo, chipewa chili kumutu.

Kwawoko akamaika maliro, adzukulu amasesa mozungulira mtumbira mpaka dothi lisalale. M'mawa mwake achibale amalawirira kukazonda, kuti aone ngati kunabwera mlendo. Atapita kukazonda manda a Hopewell, pamtumbira panalibe kanthu. Koma chapambali, kuseri kwa mtengo wa muwanga, anapeza mapazi a munthu wamkazi wovala patapata, ndi zonyansa zamadzimadzi, zachikasu, za fungo lowawa. Anakwirira ndi khasu, n'kubwerera kumudzi.

Patatha masabata atatu, fungo lija linabweranso, likhweru linaliranso. Mwana wa a Mavis wa zaka zinayi, amene masana ankathamangitsa nkhuku, sanadzuke. Pokazonda manda anapezanso mapazi omwe aja, ndi zachikasu zomwe zija.

Pamjigo mawu anayamba kutsika.

"Mwamva zomwe apeza?"

"Musatchule, achemwali. Kukuda."

"Akuti wodya nyama ya munthu m'mimba mwake simugwira."

"Ndiye tiyang'ane amene akuwonda."

Panali mayi mmodzi amene ankawonda. Anali a Magret, mkazi wa a Luckson, mchimwene wawo wa a Ellen. Kwawo kunali ku Phalombe, koma anakhala ku banjako zaka makumi awiri, m'nyumba ya njerwa imene anaumba ndi manja awo. Ntchito yawo inali yolawirira kukwera phiri, kutola nkhuni ndi kukagulitsa ku Chinamwali. Njira ya kuphiri imadutsa m'mbali mwa manda.

Zimene ndilembe apa a Ellen anazidziwa mochedwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo a Magret anachitidwa opaleshoni, anawachotsa ndulu imene inali ndi timiyala. Bala linapola, koma m'mimba simunabwerere mwakale. Munkangopotokola mwadzidzidzi, ndipo pakati pa kupotokolako ndi manyazi panali nthawi yokwana kutsitsa mtolo basi. Tsiku lina kamodzi, tsiku lina kasanu ndi kawiri, tsiku lina ayi, moti ankaganiza kuti achira. Mandasi amodzi ankatha kuwawonongera tsiku lonse. Nthawi zina madzi okha. M'mawa ndi mmene munkavuta kwambiri.

Anayamba kukhala moyo wowerenga zimbudzi. Ankadziwa nyumba iliyonse ya ku Chinamwali imene chimbudzi chake chilibe loko. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi chitseko. Pamaliro sankadya, chifukwa ndiwo za pamaliro amayi amazithira mafuta mosaumira, ndipo chimbudzi chimakhala chimodzi, anthu mazana. Ankangoti, "Zikomo, ndadya kale." Anauza amuna awo okha, ndi kuwapempha kuti asauze munthu.

Anthu anaona zonsezo, koma anaziwerenga mwina.

"Bwanji sadya nafe pamaliro?"

"Amasunga malo m'mimba."

"Ndiye nyimbo ikafika pa dzina la Yesu, mwaona amatuluka?"

A Ellen anandiuza kuti poyamba ankawakalipira anthu oterowo. A Magret ndi amene anawagwira dzanja pobereka mwana wawo Peace. Koma mu Ogasiti, madzulo ena, Peace, mtsikana wa Fomu 3, anabwera kuchokera kumjigo, n'kutula ndowa pakhonde mosatayitsa ngakhale dontho.

"Amayi, wina wandiitana dzina."

"Ndani?"

"Kumsitu kuja. Mawu ake ndikuwadziwa, koma sindikukumbuka."

"Unayankha?"

"Ndinayankha."

Apo ndi pamene a Ellen anamva fungo la tsitsi lopsa likuchokera m'zovala za mwanayo. Anamusambitsa, anamupempherera, anatuma anthu kukafuna galimoto. Galimoto isanafike, Peace anatsamiritsa mutu pamiyendo yawo n'kusiya kupuma.

Pamaliro a Peace, a Magret analira mpaka mawu kutha. Anatunga madzi, anaphika, anatsuka mbale. Chakudya sanadye. Kawiri konse anadzuka pakati pa nyimbo n'kutuluka mofulumira, atagwira pamimba, maso a amayi onse akuwaperekeza.

M'mawa wotsatira a Ellen sanadikire amuna. Anapita okha kukazonda manda, kunja kukungoyamba kuyera, nkhungu ili m'mitengo. Mtumbira unali bwinobwino, maluwa ali m'malo mwake. Kenako anamva masamba akuphwanyika, ndi kubuula kwapansipansi, ngati kwa nyama yomangidwa. Anaima osapuma. Kuseri kwa muwanga kunatuluka munthu wowonda, thukuta lili kumaso m'kuzizira konseko, akumanga chitenje.

"Alamu," anatero a Magret.

"Mukutani kuno?"

"Ndimapita kunkhuni."

"Nkhuni za kumanda? Mwana wanga sanathe ndi tsiku limodzi m'dothi!"

"Alamu, ndimvereni kaye."

A Ellen anakuwa. Anandiuza kuti kukuwa kumeneko amakumvabe, ndipo akanakhala ndi njira akanakumeza.

Masana omwewo banja linasonkhana pakhomo pa a Herbert, bambo wawo wa a Ellen ndi a Luckson, amene anali mphunzitsi wopuma, munthu wofatsa wosakonda phokoso. Kunja kwa mpanda kunadzaza anthu. A Magret anakhala pansi, kutali ndi apongozi awo monga mwa ulemu, nkhope atazolika.

"Mayi," anatero a Herbert, "ife sitikukuweruzani. Tiuzeni chabe. Kumanda mumakatani?"

Mkazi wakula bwino sanena za kuchimbudzi pamaso pa apongozi ake aamuna. A Magret anayang'ana amuna awo, kuti mwina anena ndi iwo. A Luckson ankatokosa dothi ndi kamtengo.

"A Luckson," anawaitana chapansipansi. "Inu mukudziwa."

"Nenani nokha," anatero a Luckson, osadzutsa mutu. "Womwalirayo ndi mwana wa mlongo wanga."

Choncho a Magret ananena okha, pamaso pa apongozi, pamaso pa anyamata a kabaza amene anakwera pampanda. Anafotokoza za opaleshoni, za kupotokola, za madzi achikasu owotcha ngati tsabola. Anati akachoka pakhomo m'mawa, m'mimba mumawagwira ali pakati pa njira, ndipo phiri lonselo palibe pobisala kupatula msitu uja.

"Mitengo munamaliza ndinu nomwe," anatero. "Ine mumafuna ndikhale pansi poyera, ana a sukulu akudutsa? Akufa okha ndi amene sandiseka. Ndimapepesa nthawi zonse ndikamalowa."

Wina kunja kwa mpanda anaseka. Wina anati, "Mwamva? Amayankhula nawo."

A Magret anatulutsa bukhu lawo la kuchipatala, lodzaza mpaka kuchikuto. A Herbert anavala magalasi n'kuwerenga tsamba ndi tsamba. Achipatala anayeza chimbudzi kanayi, sanapeze kachilombo. Anayeza magazi, ali bwino. Patsamba lomaliza dokotala wina analemba kuti mwina madzi a ndulu akungotsikira m'matumbo osabwerera m'thupi, mwinanso ndi matumbo ongovuta okha, ndipo anaika chizindikiro chofunsa. Anauza a Magret kuti makina oyezera zimenezo kulibe, ndipo mankhwala ake a ufa sapezeka wamba.

"Ndiye achipatala anapeza chiyani?" anafunsa a Mavis, amene mwana wawo anali m'manda omwewo.

A Herbert anavula magalasi. Anali munthu wosanama.

"Chenicheni sanapeze."

Phokoso linadzuka ngati njuchi. Kwawoko aliyense amadziwa kuti matenda amene chipatala sichiwaona ndi a anthu. Bukhu limene a Magret ankalisunga mupulasitiki kuti lidzawateteze ndi limene linawamaliza.

Ndipo pomwepo, mantha atawagwira, m'mimba munapotokola. A Ellen anawaona akuluma mlomo, akuyang'ana chimbudzi cha a Herbert chimene chinali kuseri kwa gulu la anthu. Anayesa kudzuka. Amuna awiri anawatsekera njira, poganiza kuti akuthawa.

"Chonde," anatero a Magret. "Chonde, abale anga."

Sanawapatse njira. Zinachitikira pomwepo, pabwalo la apongozi awo, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno, akuloza mtundu wake.

"Zomwe zija! Za kumanda zija!"

Mwala woyamba unagwa padenga la nyumba ya a Magret dzuwa lisanalowe. A Herbert anaima pakhomo ndi ndodo yawo n'kunena kuti wofuna kupha mayiyu ayambe iwo. N'chifukwa chake a Magret ali moyo. Koma m'mawa mwake anawauza kuti apite kwawo.

Anachoka ndi chikwama chimodzi. A Luckson anafuna kuwakweza minibasi, iwo anakana, chifukwa minibasi siima munthu akapempha. A Ellen anawaona akutsika njira ya ku Chinamwali wapansi, osadya kanthu kuyambira dzulo lake kuti ayende bwino. Sanacheuke kuyang'ana nyumba yawo.

Mudzi unapuma. Agalu anayambanso kuuwa madzulo, ana anabwereranso kumjigo. A Ellen anandiuza, akubisa nkhope, kuti anapita kutchalitchi kukathokoza.

Panapita masabata asanu. Madzulo ena a Ellen akutsekera mbuzi, fungo la tsitsi lopsa linalowa m'khola. Likhweru linalira, ulendo uno pafupi, ngati kuseri kwa nyumba. Agalu anakhala chete. M'mawa a Herbert anapezeka atafa pampando wawo, Baibulo lili pamiyendo, maso ali pachitseko chimene chinali chotsekula.

Pamaliro awo mudzi wonse unabwera. Aliyense anadya, palibe anatuluka pakati pa nyimbo. Adzukulu anasesa mozungulira mtumbira mosamala kuposa kale lonse. Kutacha, a Ellen ndi a Luckson anapita kukazonda. Kuseri kwa muwanga kunali koyera, kunalibe fungo lililonse. Koma padothi losesedwa lija panali mapazi opanda nsapato, ozungulira mtumbira katatu, akuya ngati a munthu wovina. Anawatsatira. Anatuluka m'msitu, analowa njira ya kumudzi, n'kusakanikirana ndi mapazi a anthu onse opita kumjigo.

"Nthawi zonse zija tinkathamangira kuseri kwa mtengo," a Luckson anatero. "Kodi njira iyi tinaiyang'anapo?"

Mwezi womwewo a Ellen anasamukira ku Chinamwali. Anatumiza uthenga ku Phalombe kudzera mwa mayi wina wogulitsa nandolo, kupempha kuti alamu awo abwerere kunyumba yawo. Yankho linabwera patatha milungu iwiri: "Auzeni kuti m'mimba mukadali momwemo. Koma kuno chimbudzi chili pafupi, ndipo palibe amene amandiwerengera maulendo."

Ndinawafunsa a Ellen ngati tingagwade tipemphere. Anagwada, ndinayamba, koma tisanafike pakati anandigwira mkono. Mawu awo omaliza ndikuwalemba monga anawanenera.

"Mayi, musandipempherere kuti ndimukhululukire amene anapha mwana wanga, chifukwa sindikumudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pamaliro onse anayi anakhala nafe, anaimba nafe, anadya mpaka kukhuta. Ameneyo m'mimba mwake simumuvuta."