Zala za Sreymom

Upile ankangotembenukatembenuka pampando wa basi ya sukulu. Kuchokera kwawo ku Lawrence mpaka pageti la sukulu maso anali kumbuyo, koma malo a Sreymom anali opanda munthu kwa tsiku lachitatu. Ankadziuza kuti mwina ndi chimfine chabe. Koma chimfine chanji, iye akudziwa bwinobwino zimene anachita?

Mtsikana ameneyu, abale inu, nkhani sinkagona m'mimba mwake. Lachinayi la sabata yatha anapita kukabweza buku kwa Sreymom, mnzake wa ku Cambodia wa nyumba yachitatu kuchokera kwawo. Chitseko cha galaja chinali chosatseka bwino, iye n'kusuzumira. Munali makandulo, utsi wa lubani, nthochi pambale, ndi zigoba za nkhope za mano akuthwa. Atsikana asanu, kuphatikizapo Sreymom, anakhala pansi. Azakhali a Sreymom, Mayi Chanthou, anali atagwira dzanja la mwanayo n'kumapindira zala kumbuyo ngati akufuna kuzithyola.

Upile sanagogode n'komwe, liwiro kwawo. Kutacha anauza Belinda, Mmalawi mnzake, kenako onse a patebulo lodyera. Pofotokoza kachitatu, Sreymom anali akulira. Kachinayi, chala chinali chitathyoka kale. Mphunzitsi wina anazimva, ndipo Lolemba mayi wa boma woona za ana anagogoda kwa Mayi Chanthou, fayilo ili m'manja.

Ataweruka tsiku lachitatulo, Upile anapeza amayi ake, a Evelina, atakhala pa sofa osavula yunifolomu. Iwo ndi Mayi Chanthou ankagwira shifiti imodzi kunyumba yosamalira okalamba ku Indianapolis.

"Iwe, bwera kuno."

"Mami, ndili ndi homuweki yambiri."

"Idikire. A Chanthou akansela zovina za Loweruka ku South Bend. Chaka chonse akuphunzitsa ana, lero zovala zili m'makatoni. Ukudziwapo chiyani?"

"Ine ndinangonena zimene ndinaona."

"Chala chothyokacho unachiona ndi maso akowa?"

Upile anayang'ana kapeti.

"Nyamula jekete. Tiye kwa a Chanthou."

Amene anatsegula chitseko anali Sreymom. Anatambasula manja pamphuno pa Upile penipeni.

"Werenga. Zonse khumi, wailesi iwe."

Mayi Chanthou anali pakati pa makatoni, akupinda siketi yonyezimira ngati golide. Upile anagwada monga amachitira kwa akuluakulu. Mayi Chanthou ndiwo anayamba kulankhula, m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono.

"Ine anayamba kundipinda zala ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ku Phnom Penh. Dzanja la wovina limayenera kufewa kuti lisanduke tsamba, duwa, kenako chipatso. Lubani uja timayatsa Lachinayi pothokoza aphunzitsi athu." Anapumira. "Mu 1975 asilikali ovala zakuda anatithamangitsira kuminda ya mpunga. Ankafunsa kuti ndani ankavina kunyumba ya mfumu. Amene anavomera sanabwerenso. Ine ndinati ndimagulitsa masamba pamsika. Zaka pafupifupi zinayi ndinkayenda nditafumbata manja kuti zala zisandiulule. M'kalasi mwathu tinalipo makumi awiri, tinatsala awiri. Gule ameneyu sali m'buku, mwanawe. Ali m'thupi langali, ndipo likukalamba."

A Evelina anagwira pakamwa.

"Lolemba munthu wa boma wabwera ndi pepala, wandifunsa ngati ndimaphunzitsa kuvina. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankha kuti ayi. Patapita zaka makumi atatu, ndakananso."

"Pepani," anatero Upile, misozi ili chuchuchu. "Ndinanama. Sreymom sanalire. Ndinangofuna kuti anthu azimvetsera ine."

"Pepani wako sangavine," anatero Sreymom.

"Ndiye ndikabweza. Aliyense amene ndinamuuza, ndikamuuzanso."

Mayi Chanthou anamuyang'ana. "Yamba ndi mayi wa fayilo uja. Akamva, makatoni nditsegula."

Lachisanu linali lalitali ngati chaka. Upile anakaulula kwa mphunzitsi uja, naimbira foni mayi wa boma amayi ake ali pambali, nazungulira matebulo onse nthawi ya chakudya. Ena anamuseka. Ena sanamvetsere n'komwe, poti nkhani yoona inalibe chala chothyoka. Madzulo anayenda khomo ndi khomo kwa makolo a atsikana ovina aja. Makomo awiri anamulandira. Awiri enawo anati sakufunanso anthu a boma pakhomo pawo, ndipo ana awo sapita kulikonse. Upile anachonderera mpaka mawu anasasa, koma chitseko chinatsekeka.

Loweruka m'mawa anapanikizana mu galimoto ya a Evelina, maola atatu kupita ku South Bend kuchionetsero cha zikhalidwe. Kuseri kwa siteji Upile anadabwa kuona kuti zovalazo zilibe mabatani kapena zipi, amachita kuzisokera pathupi la wovina. A Evelina ankasoka, iye ankalowetsa ulusi m'singano.

"Tiwayandikanitse atatuwa?" anafunsa wokonza mwambowo.

"Ayi," anayankha Mayi Chanthou. "Aliyense aime pamalo pamene anaphunzirira."

Nyimbo itayamba, atsikana atatu analowa mwakachetechete, zisoti zosongoka zikuwala, zala zitapindikira kumbuyo, mapazi akuyenda ngati sakugunda pansi. Pakati pawo panali mipata iwiri ikuluikulu. Mayi Chanthou anaima kuseri kwa katani, manja awo akuvina nawo poyera.

Belinda, yemwe anabwera ndi azakhali ake a komweko, anamugunda Upile ndi chigongono.

"Aise, mipata ija bwanji? Ena aja zawathera pati? Tandiuza, iwe sulephera kudziwa."

Upile sanachotse maso pa siteji.

"Ndachititsa ndine," anatero. "Tsopano khala chete, uone."