Phazi la Bambo Gondwe

Chithunzi choyamba chinafika nthawi itangopitirira wani koloko, usiku wachiwiri chiyambire Temwani Nyirenda kugwira ntchito ya usiku. Chinali cha phazi la munthu wamwamuna, lotupa, lokhala ndi chilonda pansi pa chala chachikulu. M'munsi mwake munali mawu ochepa: "Phazi latupa. Ndipite ku chipatala?"

Temwani anali namwino. Ankagwira ntchito pa kakampani katsopano kamene kanachita lendi nyumba ya zipinda zitatu ku Katawa, kolumikiza odwala ndi madokotala pafoni. Wodwala ankatumiza uthenga kapena chithunzi, wa pa desiki n'kupereka nkhaniyo kwa dokotala amene ali pa ntchito, dokotalayo n'kuyankha. Mwini kampaniyo, Herbert Chirwa, anali mnyamata wolankhula mokoma amene anaphunzira za makompyuta. Miyezi yonse ya m'mbuyomo desiki ya usiku ankakhalapo yekha, akuti anzake azipuma. Mu Juni ananena kuti watopa, n'kuikapo Temwani.

Temwani anayankha msanga kuti munthuyo apite ku chipatala kukangocha, kenako anaimba nambalayo. Foni inalira kawiri, wina n'kuiyankha, koma sanalankhule. Kunkangomveka kupuma kwa munthu, pang'onopang'ono, ndi madzi odontha m'beseni. Atatsegula fayilo ya wodwalayo pa kompyuta, anapeza dzina: Siyani Gondwe, wa zaka 58, wa ku Chiputula, wodwala shuga. Zimene anakambirana ndi madokotala munalibemo ngakhale mzere umodzi. Munali mawu ofiira okha pamwamba, onena kuti munthuyo anamwalira mwezi wathawo.

Kutacha Temwani anauza Herbert.

"Ndi ana amenewo, Sisita, akuseweretsa foni ya malemu," iye anatero, maso ali pa laputopu. "Musazitengere."

Usiku wotsatira, nthawi yomweyo, chinafika china. Phazi lomwe lija, pa mkeka womwe uja, koma chilonda chitakula ndipo khungu la m'mbali litayamba kuda. Usiku wachitatu wa zithunzizo chala chinali bii ngati khala. Wachinayi mafinya anali akuyenderera mpaka ku chidendene. Uthenga sunkasintha kwenikweni: "Likupweteka chomene. Ndipite?" Temwani anaona zilonda zambiri pa moyo wake, koma izi ankaziyang'ana yekha, kunja nkhungu itakuta mababu a mumsewu, madontho akugwa tho, tho kuchokera pa malata, ndipo akamaliza ankalephera kumwa tiyi wake.

Kenako kunabwera fungo. Linayamba ngati la khoswe wofera kudenga, koma Temwani analizindikira, chifukwa namwino saliiwala: linali fungo la mnofu wa munthu wamoyo umene ukuwola. Linkalowera pa windo la kuseri. Ntchentche zikuluzikulu zobiriwira zinayamba kutera pa galasi la kompyuta, m'nyengo yozizira imene ngakhale pa butchala sizipezeka kawirikawiri.

A Isaka, mlonda wa pa geti, bambo wachikulire wa ku Mangochi, anabwera pakhomo ndi tochi yawo atadziphimba mphuno ndi kolala ya jekete.

"Sisita, tabwerani mudzaone," ananong'ona.

Kuseri kwa nyumba, pansi pa thanki ya madzi, panali majumbo akuda anayi omangidwa kukamwa. A Isaka anabowola limodzi ndi kamtengo. Munali mabandeji onyowa, achikasu, omatirira, ndipo mkati mwake timphutsi tinkayendayenda. Temwani anatembenuka n'kulavula pa udzu.

"Dzulo analipo atatu," a Isaka anatero. "Ndipo pali mzimayi wa zovala zakuda amene amaima patsidya pa msewu, pansi pa mtengo wa paini uwo. Ndikamuunika amalowa m'nkhungu. Anthu a m'nyumba izi ayamba kale kulankhula. Akuti pano pali wakufa amene akufuna dokotala wake."

M'mawa Herbert atamva za majumbowo, nkhope yake inachita thukuta ngakhale kunkazizira. Analamula kuti awatenthe, nambala ija aitseke, ndipo nkhaniyo isatuluke pa geti, chifukwa sabata yotsatira kunkabwera alendo ofuna kuthandiza kampaniyo. Anaitseka yekha nambalayo. Usiku umenewo chithunzi chinafika kuchokera pa nambala ina. Phazi linali litatupa mpaka m'katumba, ndipo uthenga unali wakuti: "Sindikumvanso zala. Adokotala, ndipite?"

Temwani anaganiza zosiya ntchito. Koma chimene chinkamuvuta kwambiri sichinali mantha. Chinali funso lija, lobwerezedwa usiku ndi usiku ngati kuti palibe amene analiyankhapo. Usiku wachisanu ndi chitatu anazimitsa magetsi a mu ofesi, navala juzi, n'kukakhala ndi a Isaka m'kanyumba ka pa geti, mbaula ataiphimba ndi lata.

Anadikira nthawi yaitali. Agalu a ku Chiputula anauwa n'kusiya. Kenako patsidya pa msewu panaoneka kuwala kochepa kwa foni, kukuunika chibwano cha munthu, ndipo nthawi yomweyo foni ya ofesi inanjenjemera m'thumba mwa Temwani. Iye anadzuka n'kuwoloka msewu.

Anali mayi wochepa thupi, wa duku lakuda, nsapato zake zitanyowa ndi mame. Sanathawe.

"Monire, amama," Temwani anatero motsitsa mawu. "Ndinu ndani?"

"Ndine Martha, mkazi wa a Gondwe. Ndinu amene mwakhala mukuyankha kuti apite ku chipatala?"

"Ndine."

"Yewo. Mukanakhala inu nthawi ija, bwenzi ali moyo." Mayiyo anapukuta galasi la foni ndi chitenje. "Zithunzizi ndinkajambula ndine, iwo n'kumatumiza. Tsopano ndikuzitumizanso momwe zinkayendera, tsiku ndi tsiku, kuti dokotala ankawayankha uja aziwonenso. Ndimaima pano kuti mwina atuluka, ndimuone nkhope."

Martha anamupatsa foniyo. Mauthenga onse akale anali momwemo. Pansi pa chithunzi chilichonse panali yankho, lolembedwa m'dzina la Dokotala Winifred Mhango. "Musavutike ndi mizere ya ku chipatala, tikuthandizani pompano." "Tsukani ndi madzi a mchere, mawa mutumizenso chithunzi." "Kudako ndiye kupola." Masiku khumi ndi limodzi. Tsiku lakhumi ndi chiwiri, mayiyo anati, anawanyamula pa galimoto ya aneba atakomoka, ndipo madokotala anawadula mwendo, koma poizoni anali atafika kale m'magazi.

"Ine ndinkati tiyeni, iwo ankati adokotala akana," anatero Martha. "Anali munthu womvera."

Temwani anaona madeti. Dokotala Mhango anachoka pa kampaniyo mu Malichi kupita kusukulu ku Blantyre, ndipo Temwani yemweyo ndi amene anagula keke yotsanzikana naye. Mu Meyi, usiku, pa desiki pankakhala munthu mmodzi yekha. Anakumbukira momwe Herbert ankanyadira pa misonkhano ya Lolemba, akuwerenga chiwerengero cha odwala amene athandizidwa pafoni osapondako ku chipatala, onse n'kumawomba m'manja, iyenso Temwani n'kumawomba nawo.

"Nanga mabandeji mumatayira kuseri kwa ofesi aja, amama?"

Martha anamuyang'ana modabwa. "Mabandeji ati? Pa geti panupo sindinalowepo. Zawo zonse tinatentha tisanapite kumudzi kukaika maliro."

Temwani anamulowetsa mayiyo m'kanyumba ka mlonda, a Isaka n'kusonkhezera moto. Anakhala pamenepo mpaka kunayera, akujambula mauthengawo umodzi umodzi pa foni ya Temwani.

Herbert anafika isanakwane sikisi, monga ankachitira masiku onse a sabata imeneyo, anthu ena asanabwere. Sanalowere pakhomo la kutsogolo. Anazungulira kuseri akutsimphina, jumbo lakuda lili m'manja, ndipo Temwani anamupeza atawerama pa thanki.

"A Herbert, mkazi wa a Gondwe ali pa geti."

Herbert anawongoka pang'onopang'ono. Sanakane kanthu. Anati madokotala a usiku analibe, ndipo kampani ikanafa asanaione n'komwe alendo aja. Anati iye ankawerenga pa intaneti asanayankhe, ndipo ambiri anachira. Anati munthu wa shuga wa msinkhu umene uja akanafabe. Ankalankhula ndi mawu ake okoma omwe aja, ndipo fungo linkachokera pa iye.

Kenako anakhala pa njerwa n'kuvula nsapato ya kumanja. Sokosi inali yonyowa, itamatirira. Ataikoka, bandeji inatsatira. Chilonda chinali pansi pa chala chachikulu, ndipo chalacho chinali chitada kale.

"Chinayamba tsiku limene a Gondwe anaikidwa m'manda," ananong'ona. "Ndilibe shuga, ndinadziyeza. Sindinadzibaye ndi kanthu. Ku chipatala ndikuopa, onse amandidziwa. Sisita, chonde, tangondionerani."

Temwani anayang'ana phazilo, nayang'ana nkhope ya mwini wake, ndipo sanadziwe chimene chinkamunyansa kwambiri. Manja ake anakhalabe m'matumba a juzi.

"A Isaka akuitanirani takisi," anatero. "Mukachedwa mawa mulibe mwendo. Ine ndi amama aja tikupita kukanena zonse, ndipo foni yawo tili nayo."

Herbert anamuitana kawiri, koma iye sanacheuke. Anatenga chikwama chake mu ofesi, nasiya makiyi pa desiki. Martha anali atayima kale pa msewu. Asanatuluke, Temwani anaima pa mpopi wa pa geti n'kusamba m'manja ndi sopo wa a Isaka, katatu, mpaka zala zinachita dzanzi ndi madzi ozizira, ngakhale sanakhudze chilichonse.