Mgolo wa Che Maulidi

Dzuwa likamalowa ku Yeoville, dera la anthu odzasaka ntchito m'dziko la eni, Hanifa ankaanula matewera a mwana wake Laila mothamanga, poti ndiyo nthawi imene che Maulidi ankayatsa mgolo wawo kuseri kwa yadi. Mkuluyo ankatola makoko a kanjedza amene amayi a ku Congo amataya kumsika akafinya mafuta awo ofiira aja. Ankawatentha mumgolo wovundikira, n'kusinja makalawo, n'kusakaniza ndi manyowa, n'kukwirira m'kadimba kawo. Mpiru unkachita kusangalala panthaka ya zidutswa za njerwa, ndipo aliyense payadipo ankathyolako. Pakudya palibe anafunsapo kanthu.

Chisanu cha Juni chitalowa m'mafupa, Omega, mayi wa chipinda chapakona, sanadzuke. Chitseko chinali chokhoma m'kati, koma pakhomo panali kamzere ka ufa wakuda, kowaza bwinobwino ndi dzanja. Mtembo usanafike n'komwe kwawo ku Ntcheu, telala Anwar wa chipinda chotsatira nayenso anapezeka ali gwa. Ufa unali womwewo.

Anthu a payadipo anali otopa kale ndi maganyu, mizere ya mataxi ndi apolisi ofunsa mapepala. Munthu wotopa safufuza, amangoloza chala. Fungo la mafuta opserera linayamba kuwatsamwitsa, ndipo mgolo ukamazizira unkalira kuti thi, thi, ngati muli munthu akugogoda.

"Mwamva, bambo a Laila?" Hanifa ananong'oneza mwamuna wake Asumani.

"Ndi chitsulo chabe. Idya."

"Chitseko chotsatira ndi chathu."

Asumani anasiya kutafuna.

M'mawa mwake Hanifa, mwana kumsana, anatsogolera yadi yonse kwa che Maulidi. Amene ankatamanda mpiru aja ndiwo anakuwa kwambiri kuti mfiti ichoke. Mkuluyo sanalimbane nawo.

"Eish, ana inu, makala ndi makala basi. Ndatopa nanu."

Anamanga kachikwama nakwera taxi ya ku Alexandra. Amuna anagubuduza mgolo n'kuuthira madzi, amayi anazula mpiru wonse. Hanifa anamva mtima kukhala pansi, ndipo tsiku limenelo anagona tulo tofa nato.

Koma anadzuka thupi lonse likuphwanya, ngati walima munda wa eni. Fungo lija linali m'chipinda. Pawindo anaona mgolo uli chilili pamalo pake, kautsi kakutuluka pachivundikiro. Kamzere kakuda kanali pakhomo pawo, koma tsopano m'kati.

Asumani anali atakhala pampando, osayang'ana ufawo. Maso ake anali pa manja a mkazi wake.

"Hanifa, unali kuti?"

Hanifa anatambasula zikhato. Zinali bii, mpaka m'zikhadabo. Apo m'pamene anazindikira kuti Laila, amene ankadzutsa yadi yonse ndi kulira m'mawa uliwonse, lero anali chete.